Achemwali, mwanayo kamuonetseni wrestling ya m'holo, koma yambani mwakonza zobwerera

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Cosmo City, kuno ku Johannesburg, ndipo amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Mwana wawo wamwamuna, wazaka 11, wapenga nayo wrestling: kudzuka ndi John Cena, kugona ndi Roman Reigns. Tsono mnyamatayo waona pa Facebook kuti Loweruka lina madzulo kukhala wrestling m'holo ina cha ku East Rand, kum'mawa kwa mzindawu, ndipo mayi ake sakupumanso. Iwo alemba kuti: "Kodi zinthu zimenezi si zabodza? Ndalama yanga yovutikira ndikapatse anthu osadziwika, oti ngakhale pa TV saoneka? Komanso ife alendo, usiku, ndi mwana, kumalo koteroko n'kwabwino?"

Achemwali, pitani. Kungoti musapite ndi maganizo akuti mukukaona WWE (kampani yaikulu ya wrestling ya ku America ija ya pa TV) yotchipa, chifukwa mukakhumudwa musanakhale ndi pansi pomwe. Masewera a m'holo ali ndi kukoma kwawokwawo kumene TV singakupatseni, ndipo kukomako kumadalira kwambiri inu amene mwakhala pamipando.

Za ubodzazo tithane nazo msanga. Inde, wopambana amadziwika anthu asanalowe mu ring'i. Mkulu wokonza masewerawo ndi amene amanena kuti lero uje agonja, lamba wa ukatswiri apita kwa uje. Si chinsinsi ayi: mu 1989 kampani ya WWF, imene inasintha dzina kukhala WWE mu 2002, inavomereza yokha pamaso pa opanga malamulo a ku New Jersey, ku America, kuti zimene imachita ndi zosangalatsa anthu, si mpikisano weniweni. Inatero pofuna kuthawa malamulo ndi ndalama zimene mabungwe oyang'anira nkhonya ankalipiritsa. Choncho munthu akakuuzani monyada kuti "zimene zija n'zokonza", musatsutse, akunena zoona, kungoti nkhani yake ndi yakale.

Chimene sichingakonzedwe ndi kugwa. Ring'i ija si matiresi. Pansi pake pali zitsulo, pamwamba pa zitsulo amayala matabwa, kenako kasiponji kopyapyala, n'kukutira ndi chinsalu cholimba. Zingwe zake, m'ma ring'i ambiri ang'onoang'ono, ndi waya wachitsulo wokutidwa ndi paipi kapena tepi, ndipo munthu wongoyamba kumene kuphunzira amabwera kunyumba msana uli mizeremizere. Pa TV phokoso la kugwa limasokonekera ndi nyimbo ndiponso mawu a ofotokoza masewera. M'holo mulibe chobisa. Chimunthu cholemera ngati matumba awiri a simenti chikamenyetsa msana pamatabwa aja, mumamva kugunda kwake m'miyendo ya mpando wanu. Khofi la pachifuwa lija, limene pa TV limaoneka ngati masewera, mudzaona nokha zala zisanu zitadindika pakhungu, ndipo zimakhalapo mpaka masewera kutha.

Mukakhala pafupi mudzaonanso zina zimene kamera imabisa. Awiri aja akakolana makosi, kawirikawiri amakhala akunong'onezana chotsatira. Woyimbira naye sali pamenepo kuti angowerenga mpaka katatu: ndi amene amawauza kuti nthawi yatsala pang'ono, ndi amene amafinya dzanja la wogwa kuti adziwe ngati wavulala zenizeni. Anthu ena akaona zimenezi amati chisangalalo chatha. Kwa ine m'pamene chimayambira, chifukwa umazindikira kuti anthu awiri amene akuoneka ngati akufuna kuphanawa ndi amenenso akutetezana. Wonyamula mnzake m'mwamba wanyamula khosi ndi msana wa munthu amene Lolemba akuyenera kukakhala pantchito.

Ife a kwathu zimenezi siziyenera kutivuta kumvetsa. Gule akatuluka pabwalo, akuluakulu onse amadziwa zimene akudziwa, koma palibe amaimirira n'kuyamba kulongosola. Amayi amathawa, ana amakuwa, ng'oma imalira, ndipo amene angayambe kuulula ndiye amaoneka wopanda mwambo. Ku wrestling n'chimodzimodzi: aliyense m'holomo akudziwa, ndipo aliyense wavomera kusewera nawo.

Tsono zimene mukapeze kumeneko. Holo ya sukulu kapena ya khonsolo, mwina kalabu ya masewera, mipando yapulasitiki yozungulira ring'i, katani yakuda pamene osewera amatulukira, sipika yolira mokanda. Kulibe zophulikaphulika, kulibe chisikirini chachikulu. Ring'i ya WWE ndi ya mafiti 20 mbali iliyonse, koma za m'maholo nthawi zambiri zimakhala za mafiti 16 kapena 18, ndipo denga likakhala lalifupi wodumpha kuchokera pachingwe chapamwamba amayamba wayang'ana kaye magetsi. Nthawi yoyambira yolembedwa pa chithunzi chija musaikhulupirire kwambiri. Osewerawo ambiri ali ndi ntchito zawo za masiku onse, wina makaniko, wina mlonda, wina wophunzitsa anthu ku jimu, ndipo ring'i mukuionayo aimanga okha masana omwewo, adzaiphwasulanso okha inu mutapita. Mnyamata amene wakulandirani tikiti pakhomo musadabwe kumuona patapita ola limodzi atavala kabudula wonyezimira akumenyedwa ndi mpando.

Ndisakunamizeni, si ndewu zonse zimene zimakhala zabwino. Yoyamba kapena yachiwiri nthawi zambiri amapatsa ophunzira, ndipo mudzaona chibakera chikudutsa patali koma munthu n'kugwa ndithu. Sekani pang'ono, palibe mlandu. Koma pakati pa usikuwo pamapezeka awiri odziwa ntchito yawo, amene amatha kutenga holo ya anthu ongocheza n'kuisandutsa yopenga m'mphindi khumi, popanda nyimbo kapena kamera yowathandiza. Zimenezo ndi luso, ndipo ndi zimene mumalipirira.

Mwati anthu osadziwika. Aliyense amene mwana wanu amamuona pa TV anayamba wosadziwika, ndipo dziko lino lili ndi mbiri yake pa masewerawa. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 dzina la Jan Wilkens linkadzaza mabwalo kuno, ndipo azungu achikulire a ku East Rand mukawatchulira dzinali nkhani yake sithera pompo. Ku Cape Town, Shaun Koen anayendetsa Africa Wrestling Alliance kwa zaka zambiri, masewera ake ambiri akuchitikira mu Parow Civic Centre. M'zaka za m'ma 2000 kampani ya World Wrestling Professionals ya Mark Beale inkaonetsa pulogalamu yake ya Thunderstrike pa SABC2. Paul Lloyd Jr wa ku Cape Town, mwana wa katswiri wina wa masewera omwewa, anakulira m'maholo otere asanapite ku America, kumene anatchuka ndi dzina la Justin Gabriel kuyambira 2010, n'kutenga malamba a awiriawiri a WWE katatu pamodzi ndi Heath Slater. Lero amadziwika kuti PJ Black. Ray Leppan, amene WWE inamutcha Leo Kruger kenako Adam Rose, ndi mwana wa Johannesburg yemweyu, ndipo anayambira konkuno ali mnyamata. Angelico, amene anapanga dzina ku Mexico asanalowe AEW, kampani ina yaikulu ya wrestling ya ku America, nayenso anabadwira mu Joni muno. Sindikunena kuti amene mukaone Lowerukalo adzafika kumeneko, ambiri sadzafika. Ndikungoti njira yake imadutsa m'maholo momwemo.

Ndipo mukati mudikire WWE yeniyeni, mwanayo angamere ndevu. Mu April 2018 inabwera ku Cape Town, Pretoria ndi kuno ku Ticketpro Dome ya ku Northriding, pafupi ndi kwanu komweko. Dome imeneyo inatsekedwa mu 2021, pano amagulitsiramo magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito. Ngakhale WWE itabweranso, ndalama ya mpando wakutali, kumene osewera amaoneka tating'onoting'ono moti umathera kuyang'ana sikirini, ingakulowetseni m'holo banja lonse kangapo.

Tifike pa chimene ine ndimapitira. Mu wrestling muli abwino ndi oipa, ndipo woipayo ntchito yake ndi yakuti mumude. Pa TV amanyoza mzinda wonse kapena kamera. M'holo ya anthu ochepa amayang'ana munthu mmodzi. Akhoza kuima patsogolo pa mwana wanu, kumuloza chala, kumuuza kuti akhale chete, mwina kumulanda chikwangwani chake n'kuchiponda. Mukaona zimenezo musadzuke ndi mtima wa kholo, achemwali. Mwanayo wapatsidwa ulemu waukulu: walowetsedwa m'seweromo. Choyenera kuchita ndi kumukuwiza munthuyo ndi mphamvu zake zonse, ndipo inu mumuthandize. Woipa amene akukuwizidwa ndiye kuti ntchito akuidziwa, amene anthu angomuyang'ana duu ndiye walephera. Wabwino uja akagwidwa pakhosi ali pansi, mudzamva anthu ayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, kenako mofulumira, ndipo iye amadzuka motsatira kuomba kwanuko. Mukakhala chete amakhalitsa pansipo. Osewera odziwa amamvetsera holo n'kusintha zimene anakonza: anthu akakonda chinthu amachibwereza, akazizira amadumpha n'kupita pa china. Ndiye kuti mayi wa ku Cosmo City amene wakhala mzere wachitatu ali ndi gawo pa mmene ndewuyo iyendere, zimene sizingachitike muli pa sofa.

Tsono ife a Malawi tili ndi kaulemu kathu kaja kokhala phee pamalo achilendo, manja pamiyendo. Kasiyeni pakhomo. Ngati nthungululu mumaitha, iyimbeni wabwino akapambana, anthu akatembenuka adzakhala akumwetulira. Mwanayo mupezereni katoni ndi cholembera chachikulu alembe chikwangwani chake. Mayina a osewera akhoza kuwapeza pa tsamba la okonza masewerawo, ndipo wosewera wa m'holo akaona dzina lake pa katoni ya mwana amene sakumudziwa, zimamukhudza kwambiri kuposa mmene mungaganizire.

Malire ake ndi ochepa koma ndi olimba. Wosewera samenyedwa, sakokedwa, saponyeredwa botolo kapena china chilichonse, ngakhale atakukwiyitsani chotani. Mu ring'i salowamo wosaitanidwa. Kukuwa kuti "zabodza!" kapena kuyamba kutchula mayina a akatswiri a WWE pamene anyamata akuyesetsa patsogolo panu ndi mwano chabe. Wovala chigoba mukamuona kuseri atavula, musamujambule. Zithunzi ndi timavidiyo tatifupi ambiri amakondwa nato chifukwa timawalengeza, koma kujambula ndewu yonse yambani mwafunsa.

Musanagule tikiti, lembani uthenga kwa okonzawo pa Facebook kapena WhatsApp muwafunse ngati masewerawo ndi oyenera ana, komanso kuti amatha nthawi yanji. Ambiri amayankha msanga chifukwa munthu aliyense wolowa ndi wofunika kwa iwo. Pa chithunzi choitanira anthucho mukaona mawu akuti hardcore, deathmatch kapena 18+, dziwani kuti kukhala waya waminga, magalasi ndi magazi enieni, ndipo kumeneko si kwa mwana wazaka 11. Malo akenso amanena zambiri: holo ya sukulu masana ndi yosiyana ndi bala usiku. Ngakhale m'masewera a mabanja, mwina wina akhoza kuchekeka pamphumi, ndipo mphumi imatulutsa magazi ambiri ngakhale bala lili laling'ono, makamaka akasakanikirana ndi thukuta. Muuzirenitu mwanayo kuti asadzidzimuke.

Tikiti gulani pa masamba a pa intaneti ogulitsa matikiti a Quicket ndi Webtickets, kapena pakhomo penipeni. Kutumiza ndalama ku akaunti ya munthu milungu ingapo tsiku lisanafike ine sindikulimbikitsa, osati chifukwa choti anthuwa ndi akuba, koma timagulu tating'ono timalephereka kawirikawiri: holo yalandidwa, galimoto yonyamula ring'i yafa, matikiti sanagulidwe. Mayina olembedwa pa chithunzi nawonso amasintha tsiku lomwelo, choncho mwana asaike mtima wonse pa munthu mmodzi.

Pokhala, ulendo woyamba sankhani mzere wachiwiri kapena wachitatu. Wakutsogolo ndi wokoma, koma m'maholo ena mulibe zitsulo zotchinga, ndipo ndewu ikatuluka mu ring'i imathera pamiyendo panu. Mukamva wina akukuwa kuti anthu achoke, nyamulani chikwama ndi mwana musunthe, mpando muusiye. Zakumwa musaike pansi patsogolo.

Sungani kandalama kapadera ka nthawi yopuma. Pamenepo osewera amatuluka n'kuima pa matebulo kugulitsa ma T-shirt, zithunzi ndi timapepala tomata, ndipo ambiri ndalama ya petulo yobwerera kwawo imachokera pamenepo, chifukwa malipiro a ndewu yeniyeniyo ndi ochepa kwambiri, ena salandira n'komwe. Ena ali ndi kamakina ka khadi, koma ndalama yapamanja siikhumudwitsa. Funsani mtengo musanajambulitse. Ngati thumba silikulola, kupereka moni ndi kunena kuti mwasangalala n'kwaulere, ndipo amalandira bwino. Mwana wanu akhoza kudabwa kuona chimunthu chomwe chinamukalipira chija chikumugwira chanza mwaulemu, ngakhale alipo ena okhwima amene sasiya khalidwe lawo la mu ring'i mpaka atalowa m'galimoto. Ine amenewo ndi amene ndimawakonda. Kunja kumakhala fungo la soseji ya boerewors yootcha, ndipo mwana akalimva simudzalimbana naye, choncho muiwerengeretu.

Funso lanu lachitatu ndi limene ndalilingalira kwambiri, chifukwa tonse tikudziwa mmene zinthu zimakhalira kuno kwa ife obwera. M'maholo amene ine ndakhalamo, anthu ake amakhala osakanikirana: mabanja a Afrikaans, makamaka cha ku Boksburg, Benoni, Alberton kapena Krugersdorp, anyamata a m'malokeshoni, amwenye, agogo aakazi okalipa kuposa wina aliyense. Palibe anandifunsapo kumene ndimachokera. Anthu amakhala otanganidwa ndi kuda munthu mmodzi yemwe ali mu ring'i. Chokhacho choti mudziwe n'chakuti wrestling ili ndi chizolowezi chakale chopanga woipa kukhala mlendo wonyoza dziko la eni ake, mbendera m'manja. Zikachitika, ndi sewero, koma mwana wa mlendo akhoza kuzimva mwina, ndiye mudzacheze naye pobwerera. Chilankhulo chikhoza kukhalanso chokhadzula pang'ono, mu Chingerezi ndi Afrikaans momwe.

Choopsa chenicheni si holoyo ayi, ndi ulendo wobwerera. Kuchoka ku Cosmo City kupita ku East Rand pa takisi ndiye kuti mutsikire m'tauni n'kusintha, mwina kuyenda wapansi kuchokera pa renki ya matakisi ya Bree kukafika pa ya Noord. Masana n'zotheka. Koma masewera oyamba madzulo amatha usiku ndithu, nthawi imene matakisi ambiri aleka kale kuyenda, ndipo pakati pa tauni usiku ndi mwana ndi malo amene sindingatumeko mlongo wanga. Sitima ya Gautrain nayo siyenda mpaka usiku kwambiri. Choncho musachoke panyumba musanadziwe chokubwezani. Njira yabwino ndi kugwirizana ndi banja lina la kutchalitchi kapena la kwathu limene lili ndi galimoto, inu muthandize petulo. Apo ayi, pezani mayi mnzanu wa mwana wokonda zomwezi mugawane mtengo wa Bolt kapena Uber, ndipo muuyang'aniretu mtengowo pa foni masiku angapo tsikulo lisanafike, chifukwa ukhoza kuposa wa matikiti. Galimoto muziitanira muli mkati mwa holo, mutuluke itafika, mutsimikize nambala yake. Foni ikhale yodzaza moto, mapepala anu akhale m'chikwama monga mwa masiku onse. Ngati ndi June kapena July, maholo amenewa amazizira koopsa, tengani majekete ngakhale kabulangete. Zikavuta zonsezi, musakakamize: tsatirani tsamba la gululo mudikire masewera a masana kapena a mbali ya kuno kwa Randburg ndi Roodepoort.

Pali nkhani ina imene simunafunse koma ndiyenera kuitchula, chifukwa mnyamata wazaka 11 akabwera kumeneko adzafuna kuyesera pa mng'ono wake kapena mwana wa aneba. Apa musaseke naye. Amene mukawaonewo amatha miyezi akuphunzira kugwa kokha, kupinda chibwano kuti mutu usagunde pansi, kumwaza manja kuti msana wonse ulandire kulemera, asanaloledwe kunyamula munthu. Ngakhale atero, ngozi zimachitika kwa akatswiri enieni. Mu 1997, pa masewera aakulu a WWF otchedwa SummerSlam, Steve Austin anavulala khosi Owen Hart atamugwetsa chamutu molakwika pang'ono chabe, ndipo anakhala kanthawi ali gone osatha kusuntha bwinobwino. Kuvulala kumeneko kunafupikitsa ntchito yake. Amenewo anali anthu a zaka zambiri pa ntchitoyi, pa ring'i yeniyeni, osati pa simenti ya kuseri kwa nyumba.

Mawu anu pa nkhani imeneyi mwanayo akhoza kuwaponya kunkhongo, koma a wosewera sangawaponye. Pa nthawi yopuma ija, mutengereni kwa mmodzi wa iwo mumupemphe kuti amuuze yekha chifukwa chake sayenera kuyesera kunyumba. Sindinaonepo amene anakana, ndipo ena amafika pomuonetsa zipsera. Ngati chidwi chake chipitirira, mu Gauteng muli makalabu a masewera ogwetsana enieni aja a ku Olympics, komanso a judo, amene amalandira ana a msinkhu wake. Kumeneko adzaphunzira kugwa bwino pa mphasa yofewa pali mphunzitsi, ndipo masukulu a wrestling ya mu ring'i akadzakula amakonda kulandira anthu amene anadutsa njira imeneyo. Funsani aphunzitsi a zamasewera kusukulu kwake kuti kalabu yapafupi ndi Cosmo City ili kuti.